Khola la Abuluzi M'dziko la Chisanu

Kwa ambiri a ife, buluzi si nyama yoti munthu n'kuimangira khola. Amadzisunga yekha pakhoma, pamwala kapena pamulu wa njerwa, ndipo palibe amene amawerenga kuti chaka chino abuluzi aswana angati. Koma ku England kuli mtundu wina wa buluzi umene unatsala pang'ono kutheratu, moti masiku ano akatswiri amauweta m'makola a panja, amasamalira mazira ake, kenako n'kukatulutsa anawo kutchire chaka ndi chaka.

Funso limene tikufuna tiyankhe m'nkhani ino ndi ili: nyama imene moyo wake wonse umadalira dzuwa ingawetedwe bwanji panja, m'dziko limene nthaka imauma gwa ndi chisanu miyezi ina? Yankho lake mwachidule n'lakuti woweta satenthetsa buluzi. Ntchito yake ndi kumanga malo amene buluziyo azidzisankhira yekha kutentha kumene akufuna, ndipo nyengo yozizira ikafika, amailola kuti igwire ntchito yake.

Thupi lopanda moto wakewake

Ife anthu, pamodzi ndi mbuzi, nkhuku ndi agalu, timapanga kutentha m'thupi kuchokera ku chakudya chimene tadya. N'chifukwa chake thupi la munthu limakhala pa madigiri pafupifupi 37 usana ndi usiku, kaya kunja kukutentha kapena kukuzizira. Buluzi sanapangidwe choncho. Kutentha kwake amakutapa kunja: padzuwa, pamwala wofunda kapena pamchenga.

Amene anakhalapo ku Dedza kapena ku Thyolo mu Juni amadziwa mmene buluzi amachitira m'mawa. Amatuluka mochedwa, n'kudziyala pamwala osasuntha, ndipo ukamuyandikira amathawa mwaulesi. Pofika masana wasanduka wina, sungamugwire. Kusinthaku sikuli m'miyendo mokha. Buluzi wozizidwa satha kugaya chakudya, thupi lake silimbana bwino ndi matenda, ndipo mazira amene ali m'mimba mwa wamkazi sakhwima msanga. Abuluzi ambiri a ku Ulaya amakhala pabwino thupi likafika madigiri 30 kapena kupitirira pang'ono.

Tsono ku London, ngakhale mu Julayi, umene ndi mwezi wotentha kwambiri, masana kutentha kumangofika madigiri 23 kapena chapompo. Mu Januwale kumakhala cha m'ma 5, ndipo usiku wina kumatsika kupitirira 0. Kungoyang'ana manambalawa, tingaganize kuti buluzi sangakhale ndi moyo kumeneko. Chimene chimamupulumutsa n'chakuti kutentha kwa mpweya n'kosiyana ndi kutentha kwa pansi. Tsiku limene mpweya uli pa madigiri 18, mchenga wa pamalo obisika ku mphepo, umene dzuwa likuwombapo mwachindunji, umatha kupitirira madigiri 30. Luso lonse loweta abuluzi panja m'dziko lozizira lagona pa kusiyana kumeneku.

Buluzi wa mumchenga

Dziko la Britain lili ndi mitundu itatu yokha ya abuluzi a komweko. Wina alibe miyendo ndipo amaoneka ngati kanjoka. Wina, amene asayansi amamutcha Zootoca vivipara, saikira mazira kumeneko; amasunga ana m'mimba n'kumayenda nawo kulikonse kumene kuli dzuwa mpaka atabadwa. Njira imeneyi imamuthandiza kukhala ngakhale kumpoto kwenikweni kwa Norway ndi Finland. Wachitatu ndi amene Angerezi amamutcha sand lizard, kutanthauza buluzi wa mumchenga, ndipo dzina lake la sayansi ndi Lacerta agilis. Ameneyu yekha ndi amene amaikira mazira, ndipo vuto lake layambira pomwepo.

Buluzi ameneyu amatalika masentimita pafupifupi 20 kuphatikizapo mchira. Ndi wojintcha, wa mawanga akuda okhala ndi kadontho koyera pakati. Amapezeka m'mayiko ambiri kuyambira ku Ulaya mpaka ku Mongolia, koma England ili kumalire kwenikweni kwa dera limene angathe kupirira. Popeza dzira likaikiridwa silingasamuke kutsata dzuwa, wamkazi amafuna mchenga wa pambalambanda, wopanda udzu kapena mthunzi, umene udzafunda miyezi iwiri kapena itatu. Ku England mchenga wotere umapezeka m'malo a mitundu iwiri: tchire la zitsamba zifupizifupi lotchedwa heath, m'zigawo za Dorset, Hampshire ndi Surrey, komanso milu ya mchenga ya m'mphepete mwa nyanja ku Merseyside, kumpoto kwa Liverpool.

Kuyambira chaka cha 1800, tchire la heath loposa magawo 80 pa 100 alionse latha. Pena anamangapo nyumba ndi misewu, pena analima, pena anadzala mitengo ya paini. Pamene anthu anasiya kudyetserapo ziweto, mitengo inamera n'kuphimba mchenga ndi mthunzi. Moto wolusa unawononganso malo otsalawo. Abuluzi anatsala m'timagulu totalikirana, ndipo popeza sayenda mtunda wautali, malo akatha abuluzi sabwereranso okha ngakhale tchire litakonzedwa. Lamulo la mu 1981 lotchedwa Wildlife and Countryside Act linaletsa kupha, kugwira kapena kugulitsa buluziyu popanda chilolezo. Koma lamulo silibereka ana. Panafunika anthu oti aswetse abuluzi ambiri ndi kuwanyamula kupita nawo kumalo amene anatha. Ntchitoyi inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo lero ikutsogoleredwa ndi bungwe la Amphibian and Reptile Conservation mothandizana ndi malo osungira nyama monga Marwell ku Hampshire ndi Chester Zoo.

Bwanji osangowasunga m'nyumba?

Wina angafunse kuti: m'dziko la magetsi osathimathima, n'kuvutikiranji ndi khola la panja? Si bwino kuika buluzi m'bokosi la galasi n'kumuyatsira babu lotentha? Anthu ambiri amasungadi abuluzi motero, koma pali zifukwa zitatu zimene oweta buluzi wa mumchenga amasankhira panja.

Choyamba ndi mafupa. M'kuwala kwa dzuwa muli cheza china chosaoneka ndi maso chotchedwa UVB. Chikawomba khungu, thupi limapanga vitamini D3, amene amathandiza kuyamwa kashiamu wa m'chakudya. Galasi wamba limatchinga cheza chimenechi. Buluzi wa kuseri kwa zenera amaona kuwala ndi kumva kutentha, koma mafupa ake amafewa, nsagwada zimapindika, ndipo wamkazi amaikira mazira a chikopa chosalimba. Alipo mababu opanga UVB, koma amafooka pakapita miyezi ndipo safanana ndi dzuwa lenileni.

Chachiwiri ndi kalendala ya m'thupi. Buluzi wa kudziko lozizira amadziwa nthawi yoswana poyendera kutalika kwa usana ndi kusintha kwa nyengo. Akakhala pofunda chaka chonse, nthawi zambiri saswana, kapena amaikira mazira opanda moyo.

Chachitatu ndi kumene anawo akupita. Mwana amene adzatulutsidwe kutchire ayenera kudziwa mvula, mphepo, kusaka chiwala chamoyo ndi kuthawa akaona mthunzi wa mbalame. Zimenezi sangaziphunzire pansi pa babu.

Kamangidwe ka khola

Chinthu choyamba ndi kumene khola layang'ana. Kwathu kuno mu Juni dzuwa limadutsa chakumpoto, koma England ili kutali kumpoto kwa dziko lapansi, choncho masana dzuwa limakhala chakummwera chaka chonse. Khola amalimanga pamalo opanda mitengo kapena nyumba kummwera kwake, ndipo m'kati amaunjika chulu cha dothi ndi mchenga chotsetserekera kummwera komweko, kuti cheza chizigwera mwachindunji. Kumbuyo kumakhala khoma kapena mpanda wotchinga mphepo.

Chachiwiri ndi makoma. Buluzi amakwera njerwa ndi matabwa mosavuta, motero mbali ya m'kati iyenera kukhala yoterera, ya galasi, pulasitiki yolimba kapena malata osalala, ndipo pamwamba pamakhala mlomo wopindikira m'kati. Maziko amazika pansi kuti buluzi asakumbe n'kutulukira kunja, komanso kuti makoswe asakumbe n'kulowa. Khoswe mmodzi akalowa m'nyengo yozizira, pamene abuluzi ali gone osatha kuthawa, angathe kupululutsa khola lonse. Pamwamba amaphimba ndi ukonde wotchinga amphaka, akhwangwala ndi akabawi koma wolola dzuwa, mvula ndi tizilombo touluka kulowa.

Chachitatu ndi m'kati mwake, ndipo apa m'pamene pamaonekera woweta wodziwa ntchito. Khola labwino limakhala ndi malo otentha ndi ozizira moyandikana: mchenga wa pambalambanda, zitsamba zowirira, chipika chouma, miyala, ndi kabeseni kosaya ka madzi. M'mawa buluzi amakwera pachipika, chifukwa mtengo umafunda msanga kuposa mwala. Masana akatenthedwa amalowa m'chitsamba. Madzulo amagona pamwala umene wasunga kutentha kwa tsiku lonse. Malo onsewa akakhala pafupipafupi, buluzi amasunga thupi lake pa mlingo woyenera popanda kuyenda pambalambanda nthawi yaitali. Zitsamba zimathandizanso kuti abuluzi asamaonane nthawi zonse, chifukwa wamphamvu akamaona mnzake tsiku lonse amamuthamangitsa padzuwa ndi pachakudya mpaka wofookayo kuwonda.

Chakudya china chimabwera chokha: akangaude, ziwala, ntchentche ndi mbozi. Koma khola lili ndi abuluzi ambiri kuposa malo ofanana nalo kutchire, choncho oweta amawonjezera nkhululu ndi mphutsi zoweta, ataziwaza ufa wa kashiamu. Mankhwala ophera tizilombo saloledwa kuyandikira kholalo.

Anthu oweta paokha ku Netherlands ndi ku Germany amagwiritsanso ntchito njira ina pofuna kusunga mitundu ya kummwera kwa Ulaya, imene imafuna kutentha kwambiri. Amaphimba mbali imodzi ya khola ndi galasi, monga amachitira alimi a mbande, kuti muzifunda msanga mu Marichi ndi Epulo, kwinaku mbali inayo ili yotsegula. Mmodzi mwa anthu amene anatchukitsa kawetedwe kameneka ndi Bert Langerwerf wa ku Netherlands, amene anaswetsa abuluzi ambirimbiri m'makola a panja kwawo asanasamukire ku Alabama m'dziko la America, kumene anapitiriza ntchitoyi mpaka imfa yake mu 2008.

Miyezi isanu pansi pa nthaka

Chakumapeto kwa Seputembala usana umafupika, ndipo abuluzi amasiya okha kudya. Zimenezi n'zofunika, chifukwa chakudya chotsalira m'mimba ya buluzi wozizidwa chimaola n'kumupha. Pofika Okutobala amakhala atalowa m'mauna, ndipo saonekanso mpaka Marichi kapena Epulo. Mtima umagunda pang'onopang'ono, kupuma kumachepa, ndipo thupi limadya pang'ono pokha mafuta amene linasunga.

Woweta amakonzeratu chogonacho pomanga khola. Pansi pa chulu chija amaika miyala, zidutswa za njerwa ndi mizu yowuma, zokhala ndi mipata, n'kukwirira ndi mchenga wokwanira kuti chisanu cha pamwamba chisafike. M'katimo muyenera kuzizira koma osafika pouma madzi, madigiri ochepa chabe pamwamba pa 0. Mukafunda kwambiri, buluzi amatha mafuta ake nthawi isanakwane n'kufa ndi njala ali m'tulo. Mdani wina woopsa ndi madzi. Ku England mvula imagwa kwambiri m'miyezi yozizira, ndipo una ukadzaza madzi, buluzi alibe mphamvu zothawira. N'chifukwa chake chogonacho chimakhala pamalo okwera, pamchenga wotaya madzi msanga, osati padothi lamakande.

Imeneyi ndiyo nthawi yovuta kwa woweta, chifukwa palibe chochita koma kudikira. Akafukula kuti aone ngati ali moyo, wawononga una ndipo walowetsa chisanu. Paja akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Si onse amene amadzuka; okalamba ndi owonda ena amatsalira komweko. Koma amene adzukawo amatuluka matupi awo ali okonzeka kubereka.

Kuyambira kukwerana mpaka kuswa

Amuna ndi amene amayamba kutuluka, masabata angapo akazi asanaoneke. Amaothera dzuwa, amafundula, ndipo nthiti zawo zimasanduka zobiriwira kwambiri. Mu Epulo ndi Meyi amalimbana: amadzitukumula, kuweramitsa mutu ndi kulumana. Kutchire wogonja amathawa, koma m'khola alibe kothawira, choncho oweta amasunga amuna ochepa kuposa akazi.

Chakumapeto kwa Meyi kapena mu Juni, wamkazi amayamba kuyesa mchenga uku ndi uku. Akapeza pofunda komanso pa chinyontho choyenera, amakumba kauna, n'kuikira mazira oyambira 5 kufika 15 malinga ndi kukula kwake, kenako n'kukwirira. Akatero wamaliza, sabweranso kudzawaona. Woweta amadziwa kuti waikira poona khungu la m'nthiti litakwinyika ndi mimba itaphwa.

Apa m'pamene munthu amalowererapo kwenikweni. Mazira akasiyidwa mumchenga amaswa mu Ogasiti kapena Seputembala, ndipo chaka cha mitambo ndi mvula ambiri amaola kapena kuswa mochedwa. Mwana woswa mochedwa alibe nthawi yonenepa chisanu chisanafike, ndiye kuti sadzadzuka mu Epulo. Choncho oweta amafukula mazirawo mosamala n'kuwaika m'kabokosi ka mchenga kapena zinthu zina zosunga chinyezi. Powanyamula sawatembenuza, chifukwa dzira la buluzi silili ngati la nkhuku limene thadzi limaligudubuza tsiku ndi tsiku. Kamwana kamakhazikika mbali imodzi, ndipo dzira likatembenuzidwa kangathe kufa. Chikopa chake n'chofewa ndipo chimayamwa madzi, moti dzira limakula likamakhwima. Pakauma limafota, pakanyowa kwambiri limachita nkhungu. M'makina ofungatira, pa madigiri pafupifupi 25, mazira amaswa pakatha masabata 6 kapena 7. Akazi odya bwino m'khola kawirikawiri amaikiranso kachiwiri chaka chomwecho.

Ana amaswa ali otalika masentimita pafupifupi 6, ndipo amayamba kusaka okha pasanapite masiku ambiri. Amawalera m'khola lawolawo la panja, chifukwa abuluzi aakulu amadya aang'ono, ngakhale ana awo omwe. Kumeneko amawadyetsa tinkhululu ndi tintchentche kwa masabata angapo. Masabata amenewa ndiwo phindu lalikulu la khola: mwana amafika m'nyengo yake yoyamba yozizira ali wamkulu kuposa mnzake wa kutchire.

Kubwerera kutchire

Chakumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala ana amawatulutsa pamalo amene akonzedweratu: mitengo yochita mthunzi itadulidwa ndipo mchenga utapalidwa kuti ukhale poyera. Asanapite, madokotala a zinyama amayeza ngati alibe matenda amene angakapatsire nyama za kutchire. Nthawi zambiri malo amodzi amalandira ana zaka zitatu zotsatizana, kuti chaka chimodzi choipa chisafafanize ntchito yonse, komanso kuti pakhale abuluzi a misinkhu yosiyana. Abuluzi ochokera ku Dorset, ku Surrey ndi ku Merseyside amawetedwa padera, osasakaniza, chifukwa gulu lililonse linazolowera malo ake kwa zaka zambirimbiri.

Mwa njira imeneyi abuluzi masauzande atulutsidwa m'malo ambiri ku England ndi ku Wales. Ku Talacre, kumpoto kwa Wales, buluzi wa mumchenga anabwereranso pamilu ya mchenga pamene anali atatha. Mu 2017 a ku Marwell anayamba kutulutsa ana pamalo otchedwa Eelmoor Marsh pafupi ndi Farnborough. Koma tsiku lotulutsa si tsiku lopambana. Buluziyu amayamba kubereka ali ndi zaka ziwiri kapena zitatu, choncho umboni weniweni umabwera pambuyo pake, ofufuza akapeza tiana timene taswa pamchenga wa pamalopo popanda dzanja la munthu.

Khola lili ndi ngozi yake

Si buluzi aliyense wa m'khola amene ayenera kutuluka. Ku England kuli anthu amene amaweta paokha mitundu yochokera ku France, Italy ndi Spain, monga buluzi wa pakhoma, Podarcis muralis. Ena mwa amenewa anathawa kapena anatayidwa dala, ndipo lero ali ndi magulu awo m'malo angapo, monga m'maphompho a m'mphepete mwa nyanja ku Bournemouth, dera limene buluzi wa mumchenga amapezekanso. Buluzi wa pakhoma ndi wothamanga ndipo amaswana msanga, moti akatswiri akuda nkhawa kuti angalande chakudya ndi malo a eni dziko. Lamulo la mu 1981 lija limaletsanso kutulutsira kutchire nyama zachilendo. Khoma loterera la khola lili ndi ntchito ziwiri: kuteteza buluzi wa m'kati, ndi kuteteza tchire la kunja.

Zimene tikutolapo

Tikaonetsetsa, zonse zimene woweta amachita ndi kukopera tchire pamalo aang'ono: chulu choyang'ana dzuwa, mchenga wa poyera, chitsamba chobisalamo ndi una wosalowa madzi. Chimene amawonjezera ndi ukonde wotchinga adani ndi masabata ochepa a kutentha kwa mazira. Ndiye kuti khola silingalowe m'malo mwa tchire. Mchenga wa ku Dorset ukaphimbidwa ndi nyumba kapena paini, ana onse oswetsedwa ku Marwell alibe kopita.

Mfundo imeneyi ikutikhudza nafenso. Paphiri la Mulanje, malo ena ozizira, pali nanzikambe amene sapezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Asayansi anamutcha Nadzikambia mlanjensis, dzina limene analitenga ku mawu athu a Chichewa, ndipo ali pa mndandanda wa nyama zimene zili pangozi yakutha chifukwa nkhalango yake ikuchepa. Angerezi anadikira mpaka tchire lawo litatsala pang'ono, ndipo tsopano akulipira ndi makola, makina ofungatira ndi zaka zambiri za ntchito kuti abwezere buluzi mmodzi pamalo ake. Ophunzira a sayansi ya zamoyo, zaulimi ndi zankhalango pakati pathu angachite bwino kuwerengera mtengo umenewu nkhalango ya ku Mulanje ikadalipo.